Matayala a Nyengo Imodzi

Galimoto ija amuna anga a Tauno ankaikonda kuposa ine, ndipo sindikunena mwanjiru. Inali yofiira, yazitseko ziwiri, yaifupi moti polowamo munthu unkachita kuwerama ngati ukupepesa. Mphamvu zake zonse zinali kumatayala akumbuyo, ndiye kungoiponda pang'ono inkagwedeza matako. Anzawo a msinkhu wawo ankayendera magalimoto aatali, aulemu, oti nkhuni ndi galu zikwanemo. Iwo ayi. Kogula mkaka, kutchalitchi, kumaliro, inali yomweyo, ikubangula mpaka anamfedwa kutembenuka.

Nyumba yathu ili kutsidya kwa nyanja, kumapeto kwa msewu, kumene basi inasiya kufika kalekale. Wopanda galimoto sangakhaleko. Ine chiphaso choyendetsera ndinali nacho, cha pa utsikana, koma chinkangogona m'kachikwama. Kukwatiwa ndi a Tauno kunali kukwatiwa ndi mpando wa wokwera, ndipo ndinauzolowera mpaka unatenga maonekedwe a msana wanga.

N'chifukwa chake mawu a dokotala wa maso ku Rovaniemi anandilasa ine kuposa mwini maso. Anati m'maso mwa a Tauno mwayamba chifunga ndipo sichidzachoka. Nyengo yachisanu imeneyo akanatha kuyendetsabe, koma chipale chofewa chikasungunuka adzawayezanso, ndipo tisadzinamize. Mwana wathu Sirkku sanachedwe. Anatipezeratu chipinda m'nyumba yosanja ku Oulu, pafupi ndi chipatala, zenera lake loyang'ana khoma la eni ake. Ine ndinabadwira m'mphepete mwa nyanja ino. Ndikaganiza za khoma lija chakudya ndinkangochisiya m'mbale.

Madzi a m'zithaphwi atayamba kuundana m'mamawa, inakwana nthawi yosintha matayala. Achisanu akale anali atatha, ndiye tinapita kwa Sulo, mnzawo wa kuubwana, amene amagulitsa matayala kuseri kwa malo omwetsera mafuta. Tinamupeza akumwa khofi, mpando wake uli tayala lathirakitala.

"Alamu, mwabwera kudzamulondera mdalayu?" anandifunsa.

"Ndabwera kudzaona kuti musamunamize."

"Ameneyu amadzinamiza yekha, ine ndimangomuthandiza." Anaika kapu pansi n'kuyang'ana a Tauno. "Za maso ako ndamva, aise. Usandiyang'ane choncho, Sirkku anauza mkazi wanga, ndiye ukudziwa kuti ndi agalu omwe amva."

Anagubuduza matayala awiri n'kuwaimika patsogolo pathu. Loyamba analimenya ndi chikhatho.

"Ili ndi la chaka chonse. Dzuwa, mvula, chipale, silisankha. Pa ayezi weniweni limangopemphera, sindikubisire, koma ukamayenda ngati munthu wa imvi likufikitsa. Ndipo ukamadzagulitsa chilombo chakochi, wogula wa kummwera kofundako adzakondwa, sadzavutika n'kusintha."

"Amenewo ndiye mawu," ndinatero ine.

"Nanga ilo?" anafunsa a Tauno.

"Ilo ukulidziwa, usandivutitse. La misomali. Ayezi limachita kuluma. Koma phokoso lake ngati ukukazinga chimanga, ndipo chisanu chikatha uyenera kulivula. Kwa iwe ndi la nyengo imodzi, aise. Imodzi yokha."

A Tauno anagwada, mawondo akulira. Anatsinzina n'kuyamba kusisita matayala aja ndi nsonga za zala. La chaka chonse analidina ndi chala chachikulu n'kulisiya. La misomali anakhala nalo nthawi, akutsata timizere take tating'onoting'ono, akukhudza kamsomali kalikonse ngati akuwerenga nkhope ya mwana. Ine ndi Sulo tinangoyang'anana.

"Manga awa, onse anayi," anatero a Tauno.

Pobwerera sindinathe kudzigwira. Msewu unali usanagwe chipale, ndiye misomali inkangoti tchetchetche pa phula.

"Munthu wauzidwa kuti maso akutha, iye akukagula matayala a mpikisano. Mukufuna mufere pa liwiro kuti anthu adzati anali mwamuna? Muferetu nokha, ine musanditengeko."

"Tamverani mmene akuimbira, mayi," anayankha.

Ndinayang'ana kunja mpaka kunyumba. Pali mawu oti galu wamkota sakandira pachabe, koma tsiku limenelo ine ndinangoona nkhalamba yokana ukalamba.

Kenako mdima unabwera monga umachitira chaka chilichonse. Dzuwa linalowa n'kusatulukanso, masana n'kungotsala kuwala kobiriwira kwa kanthawi. Kulikonse kumene a Tauno ankapita ine ndinkapita nawo, maso anga ali pamsewu kuposa awo. Matayala ankagwira, sindingawanamizire. Pa phiri la kutchalitchi, pamene magalimoto ena ankabwerera chammbuyo, yathu inkakwera ngati pali mchenga. Koma tsiku lina tikuchokera kogula zinthu anachepetsa liwiro n'kufunsa kuti, "Uyo ndani waima m'mbali mwa msewuyo?" Linali bokosi la makalata la aneba athu, limene lakhala pamenepo chikwatiranireni ife. Ndinawauza. Madzulo ake ndinayamba kukulunga mbale za m'kabati m'manyuzipepala, kukonzekera za ku Oulu.

Tsiku loti dzuwa libwerere anthu a kuno timakwera kaphiri ka kuseri kwa sukulu, ndi khofi m'mabotolo ndi masoseji ootcha, kukalidikira. Mmawa umenewo kunazizira moti mphuno zinkamatana popuma.

"Valani, mayi, tikalonjere dzuwa," anatero a Tauno.

Koma pa mphambano sanakhotere kusukulu. Anatsikira kumene timatsitsira mabwato, matayala akutsogolo n'kuponda nyanja youndana.

"Iwe Tauno, wapenga?"

"Dzulo padutsa thirakitala la Sulo, ndi Sulo yemwe ali pamwamba. Ngati sanamire ameneyo, ife sitingamire."

Chaka chilichonse amuna a m'mudzi amalambula bwalo pa ayezi loti azithamangitsirapo magalimoto. A Tauno anakulira pamenepo. Ine ndinali ndisanapondepo, ndinkati zimenezo ndi za anthu osowa ntchito. Tinayenda mpaka mitengo ya kumtunda inasanduka kamzere kakuda, ndipo anazimitsa injini.

Sindinadziwe kuti nyanja imene ndaiyang'ana moyo wanga wonse ndi yaikulu choncho. Kumanzere kuyera, kumanja kuyera, kumwamba kofiirira ngati mkati mwa chigoba cha nkhono. Pamene thirakitala linapala, ayezi anali wakuda ndi woonekera, ming'alu yoyera ikutsika pansi kutali moti mutu unandizungulira. Kenako nyanja inalira. Kulira kwake kunayambira kutsidya, kunadutsa pansi pa mipando yathu n'kukathera kuseri, kwakuya ngati ng'ombe yaikulu ikubuula m'tulo. Ndinachita mantha, koma anali mantha aja amene sufuna kuti athe.

"Ayezi akukhuthala. Nyanja ikamalira choncho ndiye kuti ili bwino," anatero a Tauno. "Gwirani chogwirira."

Zimene anachita kenako ndilibe nazo mawu okwanira. Galimoto inanyamuka, inafika pokhota, n'kutembenuka cham'mbali, koma osagwa, osazungulira. Inkayenda chopingasa, mphuno yake ikuloza mkati mwa bwalo, ine ndikuona kumene tikupita kudzera pazenera la m'mbali. Manja a Tauno, omwe aja amene amataya shuga patebulo, ankangosuntha pang'ono pachiwongolero, mofatsa ngati akusisita mphaka. Kuchoka pokhota pamodzi galimoto inkadziponya yokha kulowa pena. Ndipo tili mkati mopingasa choncho, dzuwa linasuzumira pamwamba pa mitengo, kachidutswa chabe, kofiira ngati khala. Fumbi lonse la ayezi limene matayala ankautsa linayaka. Tinali kuyenda mkati mwa mtambo wa moto wozizira. Ndinazindikira kuti ndikulira, ndipo sindinkadziwa kuti ndayamba liti. Munthu uyu ndinagona naye nyumba imodzi mpaka imvi, ndikumuchapira masokosi, osadziwa kuti amatha chinthu chotere.

Anaima pakati pa bwalo. Kenako anatsika, anazungulira kutsogolo akugwira boneti, n'kutsegula chitseko changa.

"Sunthirani uko."

"Kuti?"

"Kuchiwongolero. Kapena mukufuna khoma la ku Oulu?"

Ndinawayang'ana. Ndevu zawo zinali zitayera kale ndi mpweya woundana.

"Ine chilombo chimenechi? Ndingatiphe tonse."

"Mutiphe ndi chiyani? Pano palibe mtengo, palibe ngalande, palibe bokosi la makalata. Ndinamuuza Sulo alikulitse bwaloli kawiri, mpaka anandifunsa ngati ndikufuna kuti pazitera ndege. Sunthani, mayi, ndikuzizidwa."

Ndinakhala pampando wawo, ukadali wofunda. Anandikokera kutsogolo kuti mapazi afike. Injini inandizimira kangapo. Itavomera, ndinaponda ngati ndikupha mphemvu, ndipo dziko lonse linazungulira, mitengo, dzuwa, mitengo, dzuwa, mpaka tinaima titayang'ana kumene tachokera. A Tauno ankaseka mpaka kutsokomola.

"Mwaona? Tafa?"

"Musandiseke, nkhalamba inu."

"Bwerezani. Phazi lanu likhale ngati pansi pake pali dzira. Ndipo musamayang'ane kumene mukuopa, galimoto imatsata maso. Yang'anani kumene mukufuna kupita."

Ndinabwereza, n'kubwerezanso. Ndinazungulira mpaka khosi linawawa. Nthawi ina nditacheuka kuti ndiwakalipire ndinapeza atatsinzina, mutu atautsamiritsa kumbuyo.

"Mwagona?"

"Ndikumvetsera. Inunso mverani. Misomali ikamakanda ndiye kuti yagwira, pitirizani. Ikasintha mawu n'kuyamba kusisita, bwezani phazi pang'ono. Apo, matako ayamba kuchoka. Musadabwe nawo. Atsateni ndi chiwongolero, pang'ono, basi. Bwezani tsopano."

Ankadziwa zimene galimoto ichite isanachite, maso ali chitsinzinire. Ndinatchera khutu, ndipo ndinaimva. Pansi pa phokoso la injini panali kukanda kuja, timisomali tambirimbiri tikuluma nyanja, kusiya, kulumanso. Ndinafika pokhota, matako anayamba kuchoka, manja anga anawatsata okha ndisanaganize, ndipo galimoto inapingasa, inagwira, n'kuwongoka. Zinali zochepa, mwina kuphethira kamodzi. Koma mtima wanga unagunda ngati wa mtsikana.

"Eya," anatero a Tauno, osatsegula maso. "A chaka chonse aja sakanakuuzani kanthu. Amangokhala chete mpaka mutapezeka m'ngalande. Munthu wophunzira amafuna tayala lolankhula."

Apo m'pamene ndinamvetsa zimene zala zawo zinkafufuza tsiku lija kwa Sulo. Ndinangoti, "Mukanandiuza."

"Mukanavomera?"

Sindikanavomera, ndipo onse awiri tinkadziwa.

Dzuwa la tsiku loyamba silikhalitsa. Litayamba kumira ndinayendetsa pang'onopang'ono mpaka potsitsira mabwato, n'kuima kuti tisinthane, pakuti kutsogolo kunali msewu weniweni, wa mitengo ndi ngalande zake. Ndinamasula lamba. A Tauno sanamasule wawo.

"Kwathu ndi kumanzere, mayi," anatero.

Ndinamanganso lamba. Ndinakwera mtunda uja misomali ikukanda, ndipo tinalowa mumsewu. Ndinkayenda ngati ndanyamula mazira, galimoto ikung'ung'udza kuti ndikuichititsa manyazi. Pa bokosi la makalata la aneba ndinawaba ndi diso a Tauno. Anali atakankhira mpando wanga wakale kumbuyo, atatambasula miyendo, nkhope ataiyandikiza pazenera. Msewu umenewo anauyendetsa moyo wawo wonse maso ali pa phula. Tsopano ankayang'ana nyanja kudzera m'mipata ya mitengo, kumwamba kukadali kofiira, ndipo ankayang'ana mwadyera, ngati munthu wotunga madzi pachitsime chimene akudziwa kuti chikuphwa.

"Kodi mbali ino kumaoneka chonchi?" anafunsa.

"Masiku onse."

"Ndiye zaka zonsezi munkandibisira."

"Munkafunsa?"

Sanachotse nkhope pazenera mpaka tinafika. Nditazimitsa injini pakhomo ndinawapatsa makiyi, mwachizolowezi. Anawagwira pang'ono m'chikhatho, kenako anatsegula kachikwama kanga n'kuwaponyamo, pamodzi ndi chiphaso chija.

Madzulo amenewo ndinamasula mbale m'manyuzipepala n'kuzibwezera m'kabati.