Kubuula Si Mawu

Ine ntchito yanga inali yopaka anthu magazi. Tinkawapanga ndi manyuchi ndi utoto wofiira, moti ntchentche za ku California zinkatikonda kwabasi. Sewero lathu la pa TV linali la madokotala a asilikali kunkhondo. Ankang'amba munthu uku akuseleula, dziko lonse n'kumafa nazo nseko.

Mwa ogona pa machira, ine ndinkakonda Vernon Pruitt. Mwendo wake anausiya ku Korea, kunkhondo yeniyeni, ndiye ankamuitana kawirikawiri chifukwa panalibe chovuta chomupinda mwendo n'kuubisa. Mkazi wake Darlene anali ndi chotupa m'mimba chofunika opaleshoni, koma madokotala okha amene Vernon akanatha kuwafikira anali athu aja, oti akaona magazi enieni akomoka.

Lamulo linali lakuti wapamachira sayankhula. Liwu lake likangomveka pa TV, ndiye kuti walowa m'bungwe la azisudzo, ndipo bungwelo limalipirira chipatala banja lake lonse. Kubuula kokha n'kumene kunali kololedwa.

Tsiku lina a Feldkamp, otsogolera sewerolo, anaimitsa kamera.

"Iwe wa mwendo umodzi, ukubuula ngati ng'ombe. Munthu wovulala satero."

"Amatani, bwana?"

"Ndidziwa bwanji ine? Ingotipatsa zenizeni."

Ndinapsa mtima koopsa. Ndikumuwonjezera manyuchi pachifuwa, ndinamunong'oneza kuti, "Apempha okha zenizenizo. Apatse."

Kamera itayambanso, dokotala wamkulu anaponya nthabwala yake ya namwino ndi botolo la mowa. Vernon anamugwira dzanja, maso ali tong'o kudenga, nati chapansipansi, "Amayi."

Wonyamula nyali anayang'ana kumbali. A Feldkamp anapukuta misozi n'kunena kuti chithunzi chimenechi sachidula ngakhale atawaopseza ndi mfuti, ndipo anasungadi mawu awo.

Tsiku loonetsa gawo limenelo pa TV ndinapita kwa Vernon ndi keke. Darlene anadzikoka kuchoka pabedi n'kudzakhala pampando, atafunda bulangete. Dokotala uja anaponya nthabwala yake. Nkhope ya Vernon inadzaza TV yonse, milomo n'kutseguka. Pomwepo panabwera phwete la anthu ojambulidwa kalekale, lija amathira ndi makina pakatha nthabwala iliyonse kuti oonera adziwe poseka. Anaseka mpaka milomo inatsekeka, liwu lija osamveka, kenako kunabwera otsatsa sopo.

Darlene naye anaseka pang'ono, atagwira pamimba, poti kuseka n'kopatsirana.

"Mwaoneka bwino, bambo. Koma pamene paja mwati chiyani?"

Vernon anawerama n'kumukonzera bulangete kumapazi.

"Palibe, mayi. Ndangobuula."