Malata a Sitolo ya Hosea

Friday anali atakwera kale pa makwerero, nyundo ataipana m'lamba, pamene Abraham analowa m'sitolo ya malemu bambo ake. Mitu ya maliro abale anali atameta dzulo lake, ndipo tsikuli linali logawa chuma cha Hosea Ng'uni. Chuma chake chiti? Mchere theka la thumba, singano, sopo wouma ngati mwala, ndi denga. Maso onse anali pa dengalo, pakuti mbali yonseyo ya Kambombo kunalibe lina la malata.

Friday, mng'ono wake wa malemu, ankafuna kuti denga lisasulidwe, malata agawidwe pa abale. Chifukwa chake anayamba kuchinena anthu asanachoke n'kumanda komwe: malatawo anawasenza iye pamutu kuchokera ku Lundazi, ndipo khosi lake silinawongokenso. Akaibwereza nkhaniyi, mtunda unkatalika, malata n'kumachuluka.

Damaris, mayi wa Abraham, anakhala pansi pafupi ndi khomo, mpango wakuda kumutu. Anangonena kamodzi kuti sitolo yopanda denga ndi khola, ndipo mvula ikagwa zipupa za zidina zidzabwerera kudothi. Nanga iye azidzadyera pati? Onse anatembenukira kwa Abraham, mwana wachisamba, amene mawu ake ndiwo anali otsiriza.

Abraham anali kalaliki wa kumgodi ku Nkana, ndipo anachoka kwawo ndevu zisanamere. Zaka zonsezo ankausunga mudziwu m'mutu ngati malo a mithunzi ndi anthu oyankhula mwanzeru. Anaupeza utachepa, ukutentha ngati chiwaya, ndipo anthu ake akuyankhula kwambiri popanda chonena. Atayang'ana kumwamba mtima unamuwira. Mitanda ya mtengo wa mupani inali poyera, yokhota ngati nthiti za ng'ombe yowonda, ndipo pamwamba pake panali mphasa zakale zolendewera pakati. Masitolo a ku Nkana ali ndi siling'i yoyera, yosalala. Kale anawatumizira mawu bambo ake kuti aike matabwa, iwo n'kubweza kuti siling'i ndi chipinda cha makoswe, ndipo munthu ayenera kumaona chimene chanyamula denga lake.

Abraham anati asasule basi, nkhani ithe. Amayi adzapita nawo ku Nkana.

"Ku Nkana ndikatani, mwana wanga?" anafunsa Damaris. "Ndikakhale pakhonde ndiziona mabasi?"

Abraham anachita ngati sanamve.

Friday anati ayambe achotsa mphasa. Atakoka yoyamba, panagwa fumbi, kenako mtolo womangidwa ndi luzi. Yachiwiri inatsitsa sutikesi. Yachitatu inatsala pang'ono kuswa mutu wa mkulu wa mpingo ndi mutu wa makina osokera.

Abraham anafunsa kuti zinyalala zonsezi nzayani. Anamuyang'ana ngati wafunsa dzina la mtsinje wa Luangwa. Nyumba za udzu zimapsa, chiswe chimadya, abale amabwereka osabweza. Choncho aliyense wopita kumigodi, kapena woyenda ulendo wautali kuchokera ku Chikwa ndi ku Chifunda, ankasiya katundu wake pa mitanda ya Hosea, pansi pa malata. Hosea sankalipiritsa. Ankangopempha kuti mwini katundu abweretse mphasa yake yoyalapo. Mphasazo, ndi mitolo inali pamwamba pake, ndizo zinkatchinga moto wa malata, mwakuti m'mwezi wa Okutobala anthu ankabwera kudzagula singano imodzi n'kukhala mpaka dzuwa kupendeka.

Izi Abraham sanachite kuuzidwa kawiri. Mphasa iliyonse ikachoka, kutentha kunkatsika ngati wina wavundukula ng'anjo. Akuluakulu amene anabwera kudzachitira umboni anayamba kutuluka mmodzimmodzi, aliyense ndi chifukwa chake. Anatsala Justin, kapaso wa bwalo la milandu, amene anasunthira mpando wake pakhomo n'kumadzikupiza ndi chipewa.

Pansi panadzaza. Damaris ankadziwako zina: makina ndi a telala amene ali ku Wankie, chikwatu cha mbewu ndi cha mayi wina wa ku Chikwa, sutikesi ndi ya mnyamata amene anachoka nkhondo isanayambe. Zambiri sankazidziwa. Mwamuna wake ankazizindikira ndi mfundo za luzi, ndipo nzeru imeneyo anapita nayo.

"Alamu," anatero Damaris, osakweza mawu, "amene atenge lata atengenso katundu anali pansi pake. Eni ake akabwera ndidzawalozera kwanu."

Friday anaseka ali pamwamba pomwepo. Eni ake ati? Amenewo ndi machona, anthu oiwala kwawo, amene amakumbukira njira pokhapokha akamva kuti kwagwa maliro. Atatero anatsokomola, pokumbukira kuti amene wagwira makwerero ndi Abraham.

"Tsikani, adada," anatero Abraham kwa bambo ake aang'onowo. "Mukuchedwa. Ndikwere ine."

Anavula jekete, nakwera. Malata anali kumuwotcha m'khosi asanawakhudze n'komwe. Anatukwana chamumtima mudziwo, dzuwa lake, ndi bambo ake amene anasandutsa sitolo kukhala nkhokwe ya dziko lonse. Kukona, pamene mtanda umalowa m'chipupa, panali mphasa yokulungidwa, yaitali, yolemera. Anaikoka mwaukali. Mphasa inatsetsereka, ndipo kumapeto kwake kunasuzumira thako la mfuti ya gogodela, lokhomedwa timisomali ta mkuwa.

Pabanjapo panalibe wosaidziwa. Inali ya Friday. Chaka chimene njovu inapezeka itafa kufupi ndi Chifunda, alonda a nyama anazungulira midzi, ndipo Friday analumbira pamaso pawo, ndi pabwalo pomwe, kuti mfuti yake inamira kalekale mu Luangwa. Iye mwini ankakhulupirira zimenezo, pakuti anaipereka kwa mkulu wake kuti akaiponye m'madzi. Anaiwala kuti anapatsa munthu amene sanatayepo chinthu cha mwini chibadwire.

Justin anasiya kudzikupiza, nafunsa kuti chatulukacho n'chiyani.

"Mpini wa khasu," anayankha Damaris. "Wa munthu wa ku Chifunda."

Abraham anayang'ana pansi. Friday anali atagwira makwerero ndi manja onse awiri, thukuta likudontha pachibwano. Abraham anadikira pang'ono, mwina kupitirira pamene panafunikira, kenako anakankhira mphasa ija kukona kwake.

"Nditsitse zonse, adada, kuti tiyambe kuzula misomali?"

Friday anati manje iye wakhala akuganiza. Kuvula denga mkazi wamasiye mvula ili pafupi si chinthu chabwino, anthu adzati chiyani? Ndiponso malata akale ngati amenewa ukawazula amang'ambika m'mabowo. Iye anangofuna kuona ngati chiswe sichinalowe m'mitanda, ndipo waona kuti sichinalowe. Za khosi lake sanazitchulenso.

Kubwezera kunatenga nthawi kuposa kutsitsa. Friday ankapereka mitolo mwachangu chimene abale sanamuonepo nacho kumunda. Mthunzi utayamba kubwerera, akuluakulu aja nawonso anabwerera, nanena kuti nkhani yaweruzidwa bwino.

Mphasa zinatha denga lisanathe. Pamwamba pa kauntala, mbali ya wogulitsa, panatsala malo owonekera malata. Abraham anafunafuna pansi, akudandaula kuti pamudzi pano chinthu sichingatsike n'kukweranso chonse, wina waba kale mphasa.

"Palibe waba," anatero Damaris. "Ya pamenepo inali yawo ya abambo ako. Akafa munthu wopanda mphasa yomuikira, ankakwera kukatsitsa imeneyo, poti zinazo nza eni. Akapeza ina, siinkatha mwezi."

"Nanga yotsiriza?"

"Ndiyo tawakulungamo iwo."

Abraham anatsika pang'onopang'ono. Pakhomo panaima mayi wina ndi mwana kumsana, akufunsa ngati sitolo yatsegulidwa, akufuna mchere. Damaris anadzuka, nazungulira kauntala, naima pamene dothi linali litakumbika ndi mapazi a mwamuna wake. Pamsomali panali kansalu kothetheka ka malemu. Anakaviika mumtsuko, nakafinya, nakaika pamutu pake pamwamba pa mpango wakuda, n'kutenga kapu yoyezera mchere.