Mazira Awiri m'Dambo la a Mtonga

Darius anali atakhoma kale zikhomo zinayi m'matope pamene mlongo wake Keziya anafika kudambo. Panali patangopita masiku atatu chiikire m'manda bambo awo, a Amock Mtonga.

"Akulu, misozi sinaume, mwayamba kale kupima?" anafunsa Keziya.

"Nazale ya fodya siidikila malilo," anatero Darius osadzutsa mutu. "Ku Chikomeni kuno anzathu onse anakumba ngalande. Ife tokha ndiye tizisungila mbalame malo?"

Zaka zonsezi a Mtonga ankalima kumtunda kwamiyala, dambo lachondelo n'kulisiyira bango ndi madzi. Anthu akamawaseka, iwo ankangoti mbalame zazitali miyendo zija, za chisoti chagolide pamutu, kale zinkatera makumimakumi. Tsopano zatsala ziwiri, ndipo kwina koziuza kuti zipite kulibe.

Darius anakoka chingwe kulowa nacho m'bango, kenaka anaima. Patsogolo pake panali chisa chachikulu cha udzu, mazira awiri ali momwemo. Chapatali mbalame inaimirira, khosi lili njo, ikumuyang'ana. Mpanda waminga wotchinga ng'ombe unazungulira malowo, nthambi zina zikadali ndi masamba aawisi.

"Sabata yatha adada sankatha n'kukweza kapu komwe," anatero Darius motsitsa mawu.

"Lachiwili anandipempha ndiwapelekeze," anayankha Keziya. "Panjila anakhala pansi katatu. Minga ndinadula ndine, koma kutchinga anakana, anatchinga okha."

Darius anayang'ananso mpandawo. Kenaka anabwerera chafutambuyo, mosamala, n'kuyamba kuzula zikhomo zake.

Kunyumba anauza mayi awo, a Faides, kuti nazale aika pafupi ndi chitsime, azithirira ndi manja. Mayiwo anangogwedeza mutu. Koma ataona mwana wawo akubereka mpope wopopera mankhwala kuti akautsuke kukhwawa, anamuitana.

"Madzi a uko amathela m'dambo, mwana wanga. Adada ako ankatsukila kuseli kwa chulu."

"Chulu chija cha kumalile? N'kutalitu."

"N'kutali," anavomera a Faides, akumupatsa chidebe cha madzi.

Keziya anadzaza china n'kumutsatira. Kuseri kwa nkhokwe anapeza kanjira kokwera kuchulu, kopapatiza kokwana munthu mmodzi, kolowa pansi chifukwa chopondedwa zaka zambiri. Darius anasenza madzi aja n'kuyamba kukwera.