Zoyera za Mai Zhor

"Imwani pang'ono chabe," anatero Hafida, kapu ya madzi ili pamilomo pa amayi ake.

Mai Zhor anapotoza khosi. Dzanja lawo lamanja linkagunda pabondo monga lakhala likuchitira zaka khumi ndi chimodzi chiyambire matenda a manjenje aja, koma lero linkagunda mwaukali. Anali m'zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi: mpango, mkanjo, masokosi, ngakhale tinsapato. Amayi oyandikana nawo ndiwo anawaveka tsiku lomwe amuna awo, a Larbi, analowa m'manda, ndipo anayenera kukhala choncho miyezi inayi ndi masiku khumi, osaponda kunja.

"Ndilibe ludzu."

"Dzulonso munalibe ludzu."

"Ndiye ukundifunsiranji?"

Panja amuna ankagwetsa tenti ya maliro imene inatseka msewu. Linali tsiku lachisanu ndi chimodzi. Achibale a kutali anali atabwerera kwawo, owerenga Kurani atadya chakudya chawo cha kusikusi n'kubalalika. M'nyumba munangotsala mbale za eniake ndi mitu ya shuga woumba imene anthu anabwera nayo kudzapepesa, mulu wosatha ngakhale pa chaka.

Hafida anawerama kuti awakonzere lamba, dzanja lake n'kugunda pamimba. Inali yotupa, yolimba ngati ng'oma. Mai Zhor anabuula, nakankha dzanjalo.

"Amayi, kuchimbudzi munapita liti?"

"Funso lanji limenelo, mwana wopanda mwambo?"

"Ndikufunsa chimbudzi chenicheni. Munachita liti?"

Gogoyo anatembenukira kukhoma.

"M'mawa wa tsiku lija bambo ako anagwa pamasitepe."

Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mai Zhor anali atamva m'mimba masiku asanu ndi limodzi, chitseko chili chitsekere, pakamwanso pali chitsekere. Ndipo nyumba yonse inkawaona akukana msuzi, akuuma pakhomo miyendo itakana kusuntha ngakhale atamwa mapiritsi, n'kumati ndi chisoni, chisiyeni chitha chokha. Hafida nayenso ankatero. Zinamuwawa kuti iye, mphunzitsi wathunthu wa ku Marrakech, sanaone kanthu.

Anakwera kunyumba yapamwamba kumene mchimwene wake Abdelhak amakhala ndi mkazi wake Souad. Anawapeza akumwa tiyi.

"Achimwene, amayi adzimbidwa chigwere bambo. Mimba ili ngati iphulika. Mumakhala pamutu pawo penipeni, simukudziwa mmene amathandizidwira?"

Abdelhak anaika kapu pansi. "Ndidziwa bwanji? Mdala uja amalola munthu kulowa? Akangotha kupemphera swala ya m'mawa, chitseko gwa! Ola lathunthu. Ukagogoda, akufunsa ngati nyumba ikupsa."

"Nanga inu alamu?"

"Ine ndinayesapo kamodzi," anatero Souad. "Anandiuza kuti ndikasamale mapoto anga. Ndiye ndikuwasamalabe."

"Chabwino, mdala kulibe. Achita ndani?"

"Usandiyang'ane ine," anatero Abdelhak. "Ndine mwamuna. Ndione umaliseche wa amayi anga? Ukufuna ndichite khungu?"

"Bambo anali mkazi?"

"Anali mwamuna wawo, iwe! Usamayankhule ngati uli m'kalasi. Mwana wamkazi ndiwe. Wakhala ukutiimbira foni zaka zonsezi, amayi ali bwanji, amayi ali bwanji. Ndi awo, tsika ukawaone ali bwanji."

"Lolemba ndikuyenera kukhala kusukulu."

"Ine ndili ndi ana atatu ndi msana wovuta," anatero Souad, akuthira tiyi kuchokera m'mwamba ngati palibe chachitika.

Hafida anatsika ali piringupiringu ndi mkwiyo, ndipo waukulu unali wa kwa malemuwo. A Larbi anawotcherera zitsulo za maboti kudoko la mzinda uno wa Safi zaka makumi anayi, ndipo mawu awo anali ngati zitsulozo. Tsiku lomwe Hafida anabwera ndi kalata yoti walembedwa uphunzitsi, anangoti, "Tseka chitseko, kukulowa mphepo." Katatu konse iye anapempha kuti awapezere mayi wothandiza, katatu konse anamudulira foni. M'nyumba mwanga simulowa wantchito, basi. Pamaliro Hafida anafinya maso, koma misozi inakana. Tsopano onani, munthu wapita ndi nzeru zake zonse kumanda, wasiya mkazi akutupa.

Dokotala amene anamuitana anafika dzuwa lili pamutu, mayi wonenepa wachangu. Anamvetsera pamimba, anadina apa ndi apo, kenako anakokera Hafida pakhonde.

"Matumbo akuyankhulabe, ndiye tili ndi mwayi. Matendawa amaulesitsa matumbo, ndipo mimba ikatseka mapiritsi a manjenje salowanso bwino m'thupi. N'chifukwa chake akuuma chonchi. Mankhwala ofewetsa m'mimba aja akumwa?"

"Sindikudziwa."

"Botolo ndaliona, lili lodzaza. Mvetsera. Madzi ofunda, mankhwalawo, ndi kena kolowetsa kumunsi aka. Ikafika swala ya madzulo palibe chatuluka, kapena akayamba kusanza, ndi kuchipatala lero lomwe. Matumbo akapotana anthu amafa, mwana wanga. Usaike maliro awiri sabata imodzi."

Mai Zhor anali atamva zonse. Makutu okha matenda anawasiyira.

"Kuchipatala sindipita," anatero Hafida atangolowa. "Namfedwa satuluka."

"Wodwala amatuluka, Amayi. Tifunse a imamu, akuuzani zomwezo."

"A imamu ndiwo avale zoyerazi ayende nazo mumsewu, amayi a m'dera lino ali m'mawindo?"

"Ndiye imwani mankhwala."

"Sindimwa."

"Mukufuna kufa?"

"Mwina."

Hafida anaponya supuni pathebulo. "Ndiuzeni chifukwa! Masiku onsewa simukumwa madzi, simukumwa mankhwala. Mukulanga ndani? Ine?"

Dzanja lija linagunda, linagunda. Mai Zhor akamayankhula masiku ano mawu amatuluka otsika, ndipo Hafida anachita kugwada kuti amve.

"Mankhwala amenewo sagogoda. Akati abwere, abwera. Ndipo miyendo yangayi ikati yauma, yauma, ngakhale chimbudzi chili apo. Zandichitikirapo kangati, ukudziwa? Pamenepo kunali bambo ako, chitseko n'chotseka, amachapa okha n'kuyanika usanadzuke mzinda. Tsopano nyumba yodzaza anthu, ine ndili pakati m'zoyera, aliyense akubwera kudzandipsompsona pamutu." Anapuma. "Choyera sichibisa, Hafida. Ndikanaipitsa zovala za maliro a bambo ako pamaso pa anthu, akanaiwala? Mpaka zidzukulu zako zikanamva. Zhor anachitira mwamuna wake zakuti."

"Ndiye munangoti nditseke?"

"Ndinati masiku atatu okha, alendo apite. Alendo atapita, chinakana chokha."

Anawo anaonerera amayi awo akuvekedwa zoyera, anawakhazika pakati ngati mkwatibwi, anawapatsa buledi woyera ndi nyama, ndipo panalibe mmodzi anafunsa kuti nanga zikalowa zituluka bwanji. Hafida anachita manyazi mpaka m'mafupa.

"Alendo apita," anatero. "Ndikuthandizani ine."

Mai Zhor anamuyang'ana, nkhope ili njo monga matendawa anaiumitsira, koma m'maso munali kachipongwe kakale.

"Iwe? Umathawa matumbo a nkhuku."

"Ndinali mwana."

"Unali ndi zaka makumi awiri."

"Mundiphunzitsa."

"Si za lero lokha. Ndi m'mawa uliwonse umene Mulungu wapereka. Lolemba lako lija lilinso ndi m'mawa."

Hafida anaona m'maganizo kalasi yake, kanyumba kake kaukhondo ka ku Marrakech, mwamuna wake akudikira kusiteshoni. Mako ndi mako angachepe mwendo, koma onena mwambiwo sanena kuti udzayamba ndi chiyani.

"Za Lolemba tiziona Lolemba. Ndiyambe pati?"

"Tseka chitseko. Ndi loko."

Zinatenga nthawi. Poyamba madzi ofunda makapu awiri, pang'onopang'ono kuti asatsamwe, kenako mankhwala ofewetsa. M'kabati ya kukhitchini, kuseri kwa ufa, munali botolo la nkhuyu zouma zoviikidwa m'mafuta a olivi, zimene a Larbi ankawadyetsa zitatu tsiku lililonse. Hafida anawavula zoyera zonse, Mai Zhor akuyang'anitsitsa mmene akuzipindira, n'kuwaveka malaya akale a bambo ake. Anali asanaonepo thupi la amayi ake chikulire. Linali laling'ono, khungu lokhalokha, mimba yokha ili patsogolo.

"Mafuta m'manja. Ayi, usandigwire choncho, manja ako akuzizira ngati nsomba. Yamba wawapekesa. Yambira kumanja kuno, pansi. Kwera. Dutsa pansi pa nthiti. Tsika kumanzere. Usasisite ngati mphaka, dina."

"Ndikupwetekani."

"Bambo ako anali ndi manja ngati mafosholo, sanandipwetekepo. Dina."

Anadina. Pansi pa zala zake ankamva zolimba zili ndondondo ngati miyala. Anazungulira, anazungulira mpaka mikono inalema. Kenako inafika nthawi ya golovesi ndi kamankhwala kaja. Mai Zhor anagona chammbali nkhope ili kukhoma. Fungo linamufika Hafida pakhosi, mseru unakwera, iye anaubweza. Pamwamba Souad ankakoka mipando.

Anadikira. Dzuwa linachoka pawindo n'kuyamba kutsika khoma la nyumba yoyandikana. Abdelhak anagogoda.

"Zikuyenda? Ndiitane ambulansi?"

"Nyumba ikupsa?" anakuwa Hafida, ndipo anadzidzimuka yekha ndi mawu akewo. Mapazi anabwerera pamasitepe.

"Ndidzutse," anatero Mai Zhor mwadzidzidzi. "Msanga."

Pakhomo la chimbudzi miyendo inauma. Anaima pamenepo akunjenjemera thupi lonse, maso ali tong'o ndi mantha.

"Werenga! Bambo ako ankawerenga ngati asilikali."

"Modzi, wiri. Modzi, wiri."

Phazi linanyamuka, linzake linatsatira. Chiyambire matendawa Hafida anali asanalowemo m'chimbudzi cha makolo ake, alendo onse ankapita chapamwamba. Pamwamba pa dzenje panali mpando wachitsulo wobowola pakati, wowotcherera bwino, m'mphepete mwake mokulungidwa nsalu. Pansi panali njerwa ziwiri zopondapo. Anawakhazika, koma thupi linkapendekera kutsogolo ngati ligwa, ndipo anawagwira m'mapewa, maso ndi maso.

"Osati choncho," anatero Mai Zhor. "Ukandiyang'ana sichibwera."

"Ndikakusiyani mugwa."

"Tembenuka. Gwada, undipatse msana. Ine ndigwira mapewa ako."

"Ndi mmene ankachitira?"

"Zaka khumi ndi chimodzi. Nkhope yanga ya pano sanaionepo. Ankati mkazi wake amamudziwa wa pabalaza."

Hafida anatembenuka. Kutsogolo kwa mpando kunali kachidutswa ka mphira yakuda, yonga imene amamangirira m'mbali mwa maboti. Atagwadapo, mawondo ake analowa m'maenje awiri osalala, otalikirana kuposa mmene iye akanagwadira. Anatambasula miyendo kuti akwanemo. Bambo ake ankadandaula mawondo mpaka kumapemphera atakhala pampando, ndipo ana ankati ndi ukalamba.

Manja awiri anatera pamapewa ake, lina likugunda. Chipumi chotentha chinatsamira pakati pa msana wake. Kutsogolo kunali khoma lokha, ndi kampopi kodontha.

Anakhala choncho. Mawondo anayamba kuwawa, kenako anachita dzanzi. Kumzikiti chimkuzamawu chinakhosomola, kukonzekera kuitana swala ya madzulo, ndipo Hafida anayamba kuganiza za mmene adzawanyamulire amayi ake pamasitepe akukana. Pomwepo zala zinamukanikiza m'mapewa mpaka zikhadabo kulowa. Mai Zhor anabuula kubuula kwa munthu wobereka, thupi lonse linakokeka, ndipo kunamveka kugwa kwa chinthu cholimba m'dzenje. Kenako china.

Msana wa Hafida unanyowa. Gogoyo ankalira, kulira kumene sanalire pamaso pa alendo, mpweya ukuduka.

"Sizinathe," ananong'ona. "Musatembenuke, a Larbi."

Misozi inamutsika Hafida mpaka m'kamwa. Sanaipukute, poopa kugwedeza mapewa.

"Sinditembenuka," anatero, maso ali pakhoma.