Matelevizawu Awiri m'Nyumba ya a Bartolomeu

Natércia ndiye anayamba kuona kuti maso a bambo ake, a Bartolomeu, akuzilala. Nyumba yake inali moyandikana ndi yawo pa Domwe, kuseri kwa msika wa kachewere, ndipo chimwalirireni mayi ake, iye ndiye ankawaphikira ndi kuwachapira. Tsiku lina m'mawa anawapeza akuthira tiyi pambali pa kapu, tiyi n'kumayenderera pameza iwo osadziwa. Kudimba bambowo anadzala nyemba kawiri pamzere umodzi, mzere wina n'kuulumpha. Atawafunsa, anamuyankha mokalipa.

"Maso anga ali bwinobwino. Chawonongeka ndi chitelevizawu chachikale chija. Mpira sukuoneka, osewera akuchita ngati ali m'chifunga cha m'phiri la Dedza."

A Bartolomeu mpira anali nawo pamtima. Anauzolowera pa wailesi zaka zimene anathawira nkhondo ku Malawi, ndipo atabwerera kwawo, magetsi atafika, chinthu choyamba kugula chinali katelevizawu kachimsana. Lamlungu masana sankafuna mlendo kapena maliro.

Dandaulo lawolo analipereka pa telefoni kwa ana awo aamuna awiri. Wamkulu, Josias, anali ndi lole yonyamula kachewere pa Kalomwe. Wamng'ono, Tomás, ankagwira ntchito kumigodi ya malasha ku Tete. Awiriwa chiyambire ubwana sankagonjerana, ngakhale pa nkhani ya amene wayamba kuona mvula.

Woyamba kufika anali Josias. Lole inaima pakhomo, amuna anayi n'kutsitsa chinthu chokulungidwa m'mabulangeti, akubuula ngati anyamula mphero.

"Pulazima iyi," anatero Josias akusisita galasi ndi mkono wa malaya. "Kukula kwake mapolegada makumi asanu, mainchesi amenewo. Inali mu hotela ku Lilongwe. Pamtundu wa matelevizawu onse, pa mpira palibe yoposa pulazima. Chakuda chimakhala chakudadi, ndipo mpira ukathamanga susiya mchira kumbuyo ngati zinazi."

Natércia anamukokera kukhitchini. "Achimwene, vuto si televizawu. Ababa sakuona. Tayang'anani m'maso mwawo, mwayera ngati mwadontha mkaka. Tipite nawo kuchipatala ku Ulongwe."

"Iwe, za magetsi uzidziwira kuti? Munthu wanena yekha kuti maso ali bwino. Ukufuna udziwe thupi lawo kuposa eni ake?"

Lamlungu limenelo a Bartolomeu anayamikira kwambiri, poti mwana anali pomwepo. Koma Josias atangopita, anakoka mpando mpaka mawondo kugunda meza. Chimene anaikondera pulazimayo n'choti inkatentha. Unali mwezi wa Juni, mphepo ya ku Angónia ikulowa mpaka m'mafupa, ndipo iwo ankaotha manja pagalasi ngati pambaula. Mayunitsi a magetsi ankatha masiku atatu okha, ndipo woyenda kukagula ena anali Natércia.

Patapita sabata ziwiri, a Bartolomeu anaulula kwa Tomás kuti chifunga chikadalipo. Natércia anamva kuseka kwa mlongo wakeyo kukutuluka mu telefoni ali pakhonde.

"Ndinadziwa ine! Achimwene agula mtembo. Pulazima anasiya kalekale kupanga, mafakitale ake anatseka. Dikirani, ababa, ndikubweretserani yamakono, ledi."

Natércia analanda telefoni. "Tomás, tamvera. Usataye mphamvu zako. Bwera ndi galimoto yokha, tiwatenge ababa akawaone maso."

"Achemwali, inunso mwalowa mbali ya achimwene?"

"Ndilibe mbali ine!"

Koma Tomás anali atadula kale.

Anafika Loweruka, galimoto yobwereka itayera ndi fumbi, kumbuyo ataimika chikatoni pakati pa matiresi awiri. Chinali chachitali ngati chitseko chogoneka. Anthu ochokera kumsika anaima ndi mitolo yawo pamutu.

"Setenta e sinko!" anafuula Tomás, kunena mapolegada makumi asanu ndi awiri kudza asanu. "Taonani kupyapyala kwake, ngati mbale. Anthu awiri okha anyamula. Ndipo magetsi imangonyambita, simeza ngati ng'anjo ili m'nyumbayi."

Anafuna kuipachika pakhoma, koma khoma la njerwa zomangira dothi linkangogumuka akaboola. Atasiya mabowo asanu ndi limodzi, anagonja, n'kupita kunyumba ya Natércia kukatenga meza yake yodyera osapempha, kuti aikepo televizawuyo. Kenaka anati pulazima ichoke. A Bartolomeu anakana, poopa kukhumudwitsa mwana wamkulu. Wina anakamunong'oneza Josias pa Kalomwe, ndipo m'mawa mwake lole inali pakhomo.

"Ichoke ipite kuti?" anafunsa Josias asanapereke n'komwe moni. "Tiziyatse zonse pamodzi, mpira womwewo. Ababa aweruze okha."

Anagawa pawiri chingwe cha parabolika, chimbale cha setilaiti cha panja. Matelevizawu aja anaima moyandikana, kudzaza khoma lonse mpaka kutseka theka la zenera. Pofika masana m'nyumba munali mutadzaza anthu, ena atakhala pansi, ena akusuzumira pakhomo. A Bartolomeu anawakhazika pakati, atavala jekete lawo la kutchalitchi. Natércia anaima kumbuyo, manja atapinda pachifuwa.

Mpira utayamba, mkangano unayambanso.

"Taonani udzuwo," anatero Tomás. "Kwanga ukuoneka tsamba lililonse. Kwanu kuli ngati kwagwa mdima."

"Udzu wobiriwira chonchi unauona kuti iwe? Utoto umenewo! Tabwera ukhale pambali pano uone mmene yakoyo ikutuwira. Yanga ukhale kulikonse, chithunzi n'chimodzimodzi."

"Nanga chizindikiro cha hotela chapsereracho pakonapo? Chidzachoka liti?"

"Mpira umaseweredwa pakona?"

Anthu anagawikana. Ena ankati yaikuluyo, ena ankati yakaleyo ili ndi ulemu. Palibe amene ankayang'ana mwini nyumba, kupatula Natércia. Iye anaona kuti bambo ake aphimba chipumi ndi dzanja, misozi ikutsika m'masaya. Kuwala kwa ledi kunkawathobwa. Josias atazindikira, anaomba m'manja.

"Mwaona? Ikuwaotcha maso! Chiwalewale si ubwino."

"N'zochepetsa izi," anatero Tomás akudinadina komando, karimoti ka televizawu.

Nthawi yomweyo chigoli chinalowa. A Bartolomeu anadzuka, manja m'mwamba, akufuula ndi chimwemwe. M'nyumba monse munangoti zii. Timu imene inamwetsa sinali yawo. Yawo, imene anaikonda zaka makumi atatu, ndiyo inali itamwa. Anaima choncho kanthawi, akutembenuza mutu uku ndi uku, kenaka anakhala pansi pang'onopang'ono.

Natércia mtima unamuwira. Anapita pakhoma n'kuzula mawaya onse awiri. Magalasi aja anada.

"Ababa," anatero ataima patsogolo pawo, mapazi anayi okha, atakweza dzanja. "Zala zingati izi?"

"Iwe Natércia, usandiyese mwana."

"Zingati, ababa?"

Anatsinzinira, n'kusuzumira. "Ziwiri."

Zinali zinayi. Aliyense anaziona. A Bartolomeu anamva kachetechete uja ndipo anadziwa. Ananyamuka kuti alowe kuchipinda, phewa n'kugunda mphuthu ya chitseko, koma sanatembenuke.

Anthu atabalalika, alongo ake aja anagwirizana kwa nthawi yoyamba chaka chimenecho.

"Wawachititsa manyazi ababa pagulu," anatero Josias. "Zinthu zotere amanena pambali."

"Pambali ndinanena kangati? Kukhitchini kuja sindinakuuzeni?"

"Komabe, achemwali, mwalakwitsa," anatero Tomás. Kenaka anawonjeza motsitsa mawu: "Ndiponso pali mtundu wina watsopano, oledi. Imeneyo ili ndi kuda kwa pulazima koma yopyapyala ngati yangayi, siithobwa m'maso. Mwina ikanakhala imeneyo..."

Natércia anamuyang'ana mpaka Tomás anaweramitsa mutu. Natércia anangotuluka, n'kukakhala pamwala kuseri kwa nyumba. Madzulo asanafike, galimoto zonse ziwiri zinali zitapita.

Masiku anayi a Bartolomeu sanamulankhule. Chakudya ankalandira, koma mbale ankabweza osanena kanthu. Tsiku lachisanu m'mawa Natércia akusesa, anawaona ataima pakhomo pake, jekete lija atavala, chipewa chili m'manja. Bondo la buluku linali ndi matope. Anali atagwera mu ngalande ya kudimba.

"Amati amachotsa diso n'kuliika m'mbale," anatero osamuyang'ana. "N'zoona?"

"Sindikudziwa, ababa. Tikafunse."

"Tiye."

Anakwera shapa, minibasi yopita ku Ulongwe, atapanikizana ndi matumba a nyemba. Kuchipatala anaima pamzere mpaka dzuwa kufika pamutu. Namwino wina dzina lake Madalena anawaunika ndi katochi, n'kunena kuti ndi ng'ala, maso onse awiri, ndipo lakumanja lakhwima kwambiri. Anaseka atamva za mbale ija, n'kuwafotokozera kuti diso silichoka pamalo pake: amangochotsa kagalasi ka m'diso kamene kachita chifunga n'kuikapo kena koyera. Madotolo a maso ankayembekezeka mu Ogasiti. Anawalemba dzina.

Miyezi iwiri ija inali yaitali. A Bartolomeu anasiya kuyatsa matelevizawu, Lamlungu ankangokhala pakhonde ndi wailesi. Natércia ankadyera pamphasa ndi ana ake, poti meza yake inali itasenza ledi. Tsiku litayandikira anaimbira alongo ake kupempha galimoto, kuti munthu wopangidwa opaleshoni asabwerere m'fumbi la shapa. Josias anati lole yadzaza kachewere wa anthu, sangamusiye awole. Tomás anati kuntchito amukaniza tchuthi, n'kufunsa ngati akukumbukira kupukuta galasi ndi nsalu yofewa, osati yonyowa.

Anapita awiri okha. Opaleshoni sinatenge nthawi, ndipo m'mawa mwake a Madalena anamatula thonje padiso lakumanja. A Bartolomeu anaphethira kangapo. Anayang'ana denga, kenaka manja awo, kenaka mwana wawo amene anawerama patsogolo pawo. Anamuyang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Iwe," anatero, "imvi zimenezi zayamba liti?"

Natércia anaseka, misozi ikutuluka. "Kalekale, ababa."

Pobwerera anawamanga nsalu ya kapulana kumutu kuteteza fumbi, koma iwo ankaikweza kuti aone minda, akutchula mwini wa munda uliwonse ndi kudzudzula mizere yokhota.

Lamlungu lotsatira anayatsa ledi, ataichepetsa kuwala. Anaonera theka loyamba, n'kuzimitsa, n'kuyatsa pulazima theka lachiwiri. Mpira usanathe telefoni inalira. Anali Tomás, ndipo Josias naye anali akuimba pa ya Natércia.

"Zonse zikuoneka bwino," anawauza a Bartolomeu, mmodzi ndi mmodzi. "Kungoti zakula. Nyumba ndi yaing'ono, khosi likuwawa potsatira mpira."

Tomás anamva kuti yake yapambana, poti ndiyo anayamba kuyatsa. Josias anamva kuti yake yapambana, poti ndiyo anamalizira. Palibe anafunsa kuti diso likupola bwanji mpaka Natércia atawauza yekha.

"Tsopano mmodzi abwere adzatenge yake," anatero kwa Josias. "M'nyumba mulibe poika chimanga, ndipo ine ndikufuna meza yanga."

"Meza yako ili pansi pa ya Tomás. Uza iyeyo."

Anamuuza Tomás.

"Ine ndichotse yatsopano kusiya yakufa? Achimwene ayambe ndiwo."

"Chabwino. Diso lachiwiri ndi mu Novembala, pa tsiku la khumi ndi chiwiri. Ndanena lero kuti musadzati simunamve. Ndani abwere ndi galimoto?"

"Tiona, achemwali. Novembala ndi kutali."

Natércia anadula. Anaima pang'ono pakati pa nyumba, bambo ake akukangana okha ndi woimbira mpira. Kenaka anatuluka kupita kwa a Basilio, kalipentala wa pafupi ndi msika, kukafunsa ngati angamukhomere meza ina sabata yomweyo.