A Stafford Adula Lamya ya Maliro

Nkhani iyi anandiuza ndi a Fadili eni ake Lachitatu lapitali, titakhala pakhonde la sitolo yawo pa boma la Mwanza.

Zinachitika chaka chimene othawa nkhondo ya ku Mozambique ankalowa ambiri kudzera ku Zobue. Pa boma ponse lamya ya anthu wamba inali imodzi, nayonso ya boma. Ndiye kunabwera lamulo lakuti poti kuno n'kumalire, woyimba lamya aziyankhula Chichewa kapena Chingerezi basi, ndipo pazikhala munthu wa chipani womvetsera. Ntchito yomvetserayo anapatsa a Stafford, mkulu wa anyamata a chipani, amene Chingerezi chawo chinkathera pa "yesi".

Tsiku lina m'mawa mayi awo a Fadili anamwalira. Asilamu sagoneka maliro, shehe anati aika dzuwa likapendeka. Koma a Said, mwana woyamba wa malemuwo, anali ku Limbe pa ntchito ya m'sitolo, ndipo ndiwo anayenera kutsikira m'manda kulandira thupi la mayi awo. Akanamva m'mawa womwewo, akanapeza lole n'kufika nthawi ilipo.

A Fadili anathamangira ku lamya. Esime, wolumikiza mawaya, anawapepesa ndi manja awiri.

"Koma popanda a Stafford sindingalumikize, achimwene. Andichotsa ntchito."

"Ali kuti?"

"Ku bwalo, akuphunzitsa amayi nyimbo za msonkhano."

A Fadili anakawapeza a Stafford atavala malaya ofiira, akuwomba m'manja ngati ndiwo anapeka nyimbozo.

"Khadi la chipani muli nalo?"

A Fadili anaonetsa.

"Nanga malemuwo anali nalo la chaka chino?"

"Anali nalo, bwana."

"Chabwino. Dikirani, amayiwa akulakwitsa vesi yachiwiri."

Vesi yachiwiriyo inakonzeka masana. A Stafford anafika akutokosa m'mano, anakhala pampando, n'kuvala zomvetsera kumutu ngati woyendetsa ndege. Esime analumikiza Limbe.

"Achimwene! Salamu alaikumu," anayamba a Fadili.

A Stafford anakweza chala.

"Ndi moni wawo umenewo, bwana," anatero Esime.

Tsono Msilamu sanena za imfa ngati akunena mtengo wa nyemba. Pali mawu a pemphero amene amayamba nawo, ndipo a Fadili anangowatulutsa osaganizanso za lamulo: "Inna lillahi wa inna ilaihi rajiun."

Pomwepo a Stafford anazula waya.

"Chipwitikizi chimenecho! Mukuwauza chiyani azigawenga?"

"Ndi pemphero, bwana. Mayi anga ali pamphasa."

"Pemphero la pa lamya chilolezo chake munachitenga kuti? Lamya yatsekedwa mpaka tifufuze."

A Fadili anawayang'ana, anayang'ana waya uja ali lende, n'kutuluka. Kukangana ndi malaya ofiira masiku amenewo kunali kudzikumbira wekha.

Ku Limbe a Said mawu aja anawamva ndithu, ndipo poti mayi awo ankadwala, anadziwa. Koma masana malole ambiri anali atapita kale. Shehe anadikira mmene akanathera, kenako anati dzuwa silikudikira. A Fadili ndiwo anatsikira m'manda. A Said anafika anthu akutsuka makasu. Sanalowe n'komwe m'nyumba, anangolunjika kumanda n'kukaima pa mtumbira wa dothi lonyowa, thumba lawo likadali paphewa.

M'mawa mwake a Stafford anatulukira pa siwa, akuti adzafufuza. Kufufuza kwake kunali kukhala pamkeka n'kudya mpunga wa nyama ya mbuzi. Atakhuta ananena kuti boma lapeza kuti palibe mlandu.

"Komatu a Fadili, mukanangonena m'Chichewa kuti amayi afa, bwenzi titathandizana. Lamya ija boma linaikira inu nomwe."

A Fadili anamaliza nkhani yawo motere: "Ndinawathirira madzi osamba m'manja, ndinawaperekeza mpaka pa msewu. Maliro atatha ndinapita ku malire kukapalana ubwenzi ndi madalaivala. Kuyambira pamenepo uthenga wanga wonse wa ku Limbe unkakwera lole."