Mzere Wofiira pa Dzina la Ba Gilson

Ntchito yanga ndi kusaina. Ndimayang'anira anthu anayi mu ofesi ina ya boma chakufupi ndi Cairo Road, ndipo dzina la ofesiyo musandifunse. Anthu anayiwa amaswera pamakompyuta kusanthula mafoni, mauthenga ndi mphekesera, kuti amene akukonza chiwembu timudziwe asanachite. Akalemba lipoti limabwera kwa ine, ndiwerenge, ndisaine, likwere kwa mabwana. Ndatha zaka khumi ndi ziwiri pampando umenewu, ndipo ndatopa nawo.

Kagwiridwe kathu n'kotere. Munthu tikamamuganizira, nambala yake ya foni timaiika pakati pa pepala. Aliyense amene walankhula naye kopitirira kakhumi pamwezi timamulumikiza ndi mzere wofiira, dzina lake n'kulowa m'kaundula. Kulowamo n'kosavuta. Kutulukamo kumafuna komiti, ndipo komitiyo imakhala katatu pachaka, ikakumbukira.

Lolemba lina mu Juni, Kabamba anandiikira fomu padesiki. Iyeyu ndiye wamkulu mwa anayi aja, munthu wosakonda zolankhula. Koma tsiku limeneli sanachoke, anangoima.

"Ba Febby, iyi fomu yabwela kachitatu manje."

Ntchito zina za boma munthu samulemba asanafufuzidwe, ndipo mafomu ake amadzera kwathu. Iyi inali ya Rachael Daka wa ku Kabwata. Mayeso onse anakhoza. Kawiri konse tinabweza fomu yake ndi chidindo chokana, chifukwa bambo ake, ba Gilson Daka, ali ndi mzere wofiira. Kabamba analoza tsiku lobadwa. Ntchitoyo salemba munthu wopitirira zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo Rachael zakezo zimatha pa 9 Julayi. Tikabweza kachitatu, basi, zake zada.

Ndinaitanitsa failo ya bambo akewo. Inali ya zaka zitatu zapitazo. Wamalonda wina wa ku Kabulonga tinkamuganizira kuti akulowetsa mfuti m'dziko. M'mwezi wa Okutobala wokha, iyeyu ndi ba Gilson anaimbirana mafoni makumi awiri ndi atatu.

"Ba Gilson amagwira ntchito yanji?" ndinafunsa.

"Bakonza mapampu ya manzi."

Ndinayang'ananso pepala lija. Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, pampu yafa m'nyumba ya munthu wolemera. Mafoni onsewo panalibe yopitirira mphindi imodzi. Aliyense amene anadikirapo mmisiri akudziwa zimene zinkanenedwa: muli kuti, mufika nthawi yanji, munati mubwera dzulo. Wamalondayo anamasulidwa kalekale, mlandu unatha, koma mmisiri wake anatsala m'kaundula.

Pansi pa lipotilo panali saini yanga. Tsiku limene ndinasainalo linali Lachisanu. Sindinganame, sindinaliwerenge. Ndikukumbukira mulu wa malipoti, ine mtima uli pa Great East Road kuti ndituluke m'tauni magalimoto asanathinane. Amene analemba lipotilo anasamutsidwa kale, ndiye panalibenso wina woti ndimukalipire. Ndinakalipira Kabamba chifukwa chosandiuza chaka chatha, iye n'kungoti chaka chatha ndinamuuza kuti asamandibweretsere nkhani zakale. Zinali zoona.

Ndinalemba kalata yovomera kuti ndinasaina osawerenga, n'kukwera nayo kwa ba Ng'andu, bwana wathu. Anaiwerenga mpaka kumapeto, zimene ine sindinachite.

"Mwalemba bwino, Mai Febby. Komiti izankhala mu Ogasiti."

"Bwana, mwanayu Ogasiti samupeza. Titumize fomu ndi kakalata kofotokoza."

"Dzina likali m'kaundula, chidindo ni chimozi chabe. Lamulo ili munalembako na imwe."

Anati kalata yangayo ilowa m'failo yanga, ndipo ndinati ilowe. Ndili pakhomo anandikumbutsa lumbiro lathu, kuti za m'kaundula sizituluka m'nyumba muno, ngakhale kwa mwini dzina. Lachinayi fomu ya Rachael inabwerera ndi chidindo chomwe chija. Ndinasaina ndine.

Pampu ya kunyumba kwanga ku Chelstone inali itatha mwezi ikukoka madzi mwaulesi. Amisiri ku Chelstone ndi mbwee, koma Loweruka ndinaimbira ba Gilson. Musandifunse chimene ndinkafuna. Mwina kungoona nkhope ya munthu amene ndinamudinda.

Anafika mochedwa ndi maola awiri, bambo wamfupi wa imvi, chikwama cha zitsulo paphewa, akupepesa za minibasi. Anagwada pa pampu, n'kuimasula mosapupuluma. Ndinawapatsa tiyi, ndipo poona chithunzi cha ana anga pakhoma la khonde, anayamba okha nkhani ya ana.

"Ine nili na mwana mkazi umozi chabe, Rachael. Mutu ali nao, amai. Koma kaya."

Anandiuza zonse zimene ndinkazidziwa, kenako zimene sindinkazidziwa. Chaka choyamba mwanayo anaganiza kuti kulibe malo. Chaka chachiwiri anzake amene ankawathandiza masamu analembedwa, iye ayi. Anasiya kwaya ya ku Reformed kumene anakulira, n'kuyamba kuyenda m'matchalitchi a mapemphero. Kumeneko anamuuza kuti pali tchimo limene likumutsekera njira, alifufuze. Tsopano ali pa kusala kudya, tsiku la khumi ndi chisanu ndi chimodzi, madzi okha.

"Dzulo anabwela kunigwadila," anatero ba Gilson, maso ali pa sipanala. "Akuti, atate, ngati ninakulakwilani nili mwana, munikhululukile. Nafuna-funa mumutu mwanga, amai. Palibe chamene ananilakwila uja mwana."

Manyazi anandigwira, mkwiyonso, ndipo onsewo anali a ine ndemwe. Mawu anali pakamwa penipeni. Koma ndikanawauza chiyani? Kuti mwana wawo wataya ntchito chifukwa iwo ankayankha foni ya kasitomala? Bamboyu akanapita nazo kunyumba n'kuzisenza mpaka kumanda, ine n'kupita kukhoti, ndipo pa 9 Julayi pakanafikabe.

Pampu inalira, madzi anakwera m'thanki. Ba Gilson anasamba m'manja, n'kulongedza zitsulo zawo. Ndinawaperekeza mpaka pageti.

"Ba Gilson," ndinatero, "mwana wanu sanalakwe chilichonse. Ndikunenetsa. Mukamuuze adye."

Anamwetulira mwaulemu, n'kukweza chikwama paphewa.

"Zikomo, amai. Bonse bamakamba chimozimozi. Koma iye amafunsa kuti, nanga imwe mwaziba bwanji?"

Anadikira pang'ono, ngati kuti mwina ine ndili ndi yankho. Ndinawauza kuti ayende bwino.